Mliri ukafika, mtchona amakhala wa ndani?

Agogo anga aakazi anatisiya mu Juni 2020. Sanamwalire ndi Covid-19, anali atadwala kwa nthawi yaitali. Komabe mliriwo unalowerera pa maliro awo, chifukwa munthu amene mwambo wa kwathu umafuna kuti aime patsogolo pa zovuta ngati zimenezi panalibe. Amalume anga, mwinimbumba wathu, anali ku Joni. Zipata za m'malire zinali zotseka, malo odyera omwe ankagwirako ntchito anali atatsekedwa kuyambira mu Malichi, ndipo kandalama komwe anasunga kanali katathera pa lendi ndi ufa. Mwambo wa kumanda anaumvera pa foni imene ine ndinaikweza m'mwamba kuti mawu a abusa awafike, mpaka bandulo itatha.

Pali chinthu china chomwe sindinawauze tsiku limenelo. Milungu itatu m'mbuyo mwake, nkhani inali itamveka kuti anthu oposa 400 amene anabwera pa mabasi kuchokera ku South Africa athawa pa Kamuzu Stadium mumzinda wa Blantyre, pomwe amayenera kudikira zotsatira za kuyezedwa kwawo. Nthawi imeneyo ndinali Fomu 4, ndikungokhala pakhomo poti sukulu zinali zotseka. Pa gulu la WhatsApp la anzanga a m'kalasi ndinalemba kuti anthu a ku Joni akhale komweko, asatibweretsere matenda. Ambiri anavomereza. Sizinandifikire m'mutu kuti munthu amene ankandilipirira fizi anali mmodzi wa anthu amene ndinkawakanawo.

Lero ndikuphunzira mbiri yakale ku yunivesite, ndipo ndaona kuti mawu anga aja ndi akalekale. Kwa zaka zoposa 100, mliri ukagwa kuno kumwera kwa Africa, munthu amene anachoka kwawo kukasaka ntchito amakanidwa mbali ziwiri. Kumene akugwira ntchito amati ndiye wabweretsa matenda. Kwawo nako amati asabwere, atibweretsera matenda. Ndikufuna tione limodzi kuti kukana kumeneku kwateteza ndani. Momwe ndawerengera, kawirikawiri n'kumene kwathandiza matenda kufalikira, ndipo nthawi zina matendawo ankangokhala chonamizira cha zolinga zina.

Kubindikiritsa apaulendo kunayamba kale

Tiyambe ndi kuvomereza choonadi. Matenda opatsirana amayenda ndi anthu, ndipo akale ankadziwa zimenezi asanamve n'komwe za tizilombo toyambitsa matenda. M'chaka cha 1377, akuluakulu a mzinda wa Ragusa, womwe lero ndi Dubrovnik m'dziko la Croatia, analamula kuti aliyense wochokera kudera kumene kuli mliri ayambe wakhala masiku 30 pa kachilumba kapena m'tauni ina yapafupi asanalowe mumzinda. Pambuyo pake madoko ena, monga Venice, anafikitsa masikuwo pa 40, ndipo liwu la Chingerezi loti quarantine linachokera ku liwu la Chitaliyana lotanthauza 40. Ganizo lake linali lanzeru ndithu: wamalonda alowe, koma ayambe wadikira kuti zioneke ngati ali bwino. Zinthu zimasokonekera pamene boma lasankha oti adikire poyang'ana khungu kapena umphawi wawo, kapena pamene lawatsekera popanda chakudya.

Chitsanzo chapafupi ndi cha ku Cape Town. Kumayambiriro kwa 1901, nkhondo ya pakati pa Angerezi ndi Mabunu ili mkati, mliri wofalitsidwa ndi makoswe unafika padoko la mzindawu. Makoswewo ndi utitiri wake zinabwera m'sitima zonyamula katundu wa asilikali, makamaka chakudya cha akavalo. Ena mwa oyamba kudwala anali ogwira ntchito padoko, anthu akuda ochokera kutali, ku Transkei ndi madera ena a kum'mawa. Kwa azungu olamulira mzinda, anthu amenewa anali alendo, ngakhale kuti dziko linali lawo lomwe. Mu Malichi chaka chomwecho, boma linagwiritsa ntchito lamulo la zaumoyo n'kusamutsa mokakamiza anthu akuda oposa 6,000. Anawachotsa ku District Six ndi madera ena n'kukawaika ku Uitvlugt, kunja kwa mzinda, malo amene pambuyo pake anatchedwa Ndabeni.

Katswiri wa mbiri yakale Maynard Swanson, polemba za nkhaniyi mu 1977, anaonetsa kuti anthu akuda amene anadwala mliriwu anali ochepa kusiyana ndi azungu kapena makaladi. Koma osamutsidwa mwaunyinji chonchi anali akudawo. Mliri unatha, Ndabeni anatsala, ndipo anakhala chitsanzo cha malokeshoni a anthu akuda m'mizinda ina. Mu 1904 zofanana ndi zimenezi zinachitika ku Johannesburg. Mliri womwewu utabuka m'dera lomwe munkakhala Amwenye ndi anthu ena osauka, akuluakulu a mzinda anatentha dera lonselo n'kusamutsira anthu ku Klipspruit. Mohandas Gandhi, yemwe panthawiyo anali loya mumzindawu, anali mmodzi wa amene anasamalira odwala. Klipspruit ndiye inadzakhala chiyambi cha Soweto. Tsankho lomwe timaliwerenga m'mabuku pansi pa mutu wa apartheid linali litayamba kale kumanga makoma ake m'dzina la zaumoyo.

Sitima ziwiri za mu 1918

Nkhani ya 1918 imatiphunzitsa mbali ina, ya zomwe zimachitika boma likalandira anthu ake mosasamala. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amuna akuda oposa 20,000 ochokera ku South Africa, Basutoland, Bechuanaland ndi Swaziland anatumizidwa ku France kukagwira ntchito zamanja monga kutsitsa katundu m'madoko, kudula mitengo ndi kukonza misewu. Sankaloledwa kugwira mfuti, ndipo ankagonekedwa m'misasa yotchingidwa.

Mu Sepitembala 1918, gulu lina la amunawa, oposa 2,700, linafika ku Cape Town pa sitima ziwiri zotchedwa Jaroslav ndi Veronej. Panjira sitimazi zinaima ku Freetown m'dziko la Sierra Leone, kumene chimfine choopsa cha fuluwenza chinali chitavuta kale. Howard Phillips, katswiri wa mbiri yakale pa yunivesite ya Cape Town, anafufuza zomwe zinatsatira. Ochepa amene ankaoneka odwala anatengeredwa kuchipatala. Otsalawo anasungidwa pa msasa wa asilikali ku Rosebank kwa masiku pafupifupi atatu okha, ulonda wakenso wofooka, kenako anakwezedwa sitima zapamtunda kupita kwawo. Pa masiteshoni pomwe ankatsikira, matenda ankatsika nawo. M'milungu isanu ndi umodzi yokha, malinga ndi Phillips, anthu pafupifupi 300,000 anafa ku South Africa. N'chifukwa chake buku lake analitcha Black October.

Amuna a m'sitima zija analibe mlandu. Anali atakhala kutali ndi mabanja awo kwa nthawi yaitali, ndipo munthu aliyense akanafuna kufika kwawo msanga. Amene anali ndi mphamvu yowasunga milungu iwiri pa malo abwino, akudya ndi kuonedwa ndi madokotala, anali boma. Silinachite.

Pomwe ena ankatulutsidwa msanga, ena anali otsekeredwa m'malo mophera. Ku Kimberley, ogwira ntchito m'migodi ya dayamondi ya kampani ya De Beers ankakhala m'makomboni otsekedwa kwa nthawi yonse ya kontrakiti yawo, akugona mothithikana. Fuluwenza italowa m'menemo, anthu oposa 2,000 anafa m'milungu yochepa. Ambiri anali ochokera kutali, opanda mbale wowapatsa madzi kapena wodziwa pomwe aikidwa. Opulumuka anafuna chinthu chimodzi chokha, kupita kwawo, ndipo matenda anayenda nawo mpaka kumidzi.

Nanga makolo athu anali kuti? Kuyambira 1913, boma la South Africa linali litaletsa migodi kulemba ntchito anthu ochokera kumayiko a kumpoto, kuphatikizapo Nyasaland, chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo. Choncho machona ambiri a nthawi imeneyo anali m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, lomwe lero ndi Zimbabwe. Fuluwenza itafika kumeneko mu Okutobala 1918, ogwira ntchito ambiri anathawa m'makomboni a migodi atawona anzawo akufa motsatizana. Kuno kumudzi matendawa anafika chakumapeto kwa chaka chomwecho, nthawi imene nkhondo inkatha ndipo asilikali a KAR ndi amtengatenga ankabwerera kwawo. Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga pa nkhondo imeneyi, ambiri mokakamizidwa, ndipo ankabwerera atatheratu ndi njala ndi maulendo apansi. Anthu amene atsamunda anawachotsa m'midzi ndi amene anabwerera ndi chimfine chija. Anawayendetsa ndi boma, koma maliro anagwa m'midzi.

Teba ndi HIV

Nkhani yachitatu ili pafupi kwambiri ndi ife, moti m'midzi yambiri mudakali azigogo amene anaiona ndi maso. Chiletso cha 1913 chitachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, bungwe la Wenela linayamba kutenga Amalawi ochuluka kupita nawo kumigodi ya golide. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa ntchito yolemba anthu. Inayambiranso mu 1977, bungwelo likudziwika ndi dzina loti Teba, koma chiwerengero cha opita chinali chochepa kusiyana ndi kale.

Chapakati pa zaka za m'ma 1980, eni migodi anayamba kuyeza magazi a ogwira ntchito awo, ndipo mwa Amalawi munapezeka anthu ambiri okhala ndi HIV kusiyana ndi magulu ena. Mu 1987 boma la South Africa linakhazikitsa lamulo loletsa alendo okhala ndi kachilomboka kukhala m'dzikomo. Bungwe la eni migodi, Chamber of Mines, linapempha boma la Malawi kuti liziyeza aliyense asananyamuke. Boma la Malawi linakana, ndipo kulemba anthu kunathera pomwepo. Wiseman Chirwa wa ku Chancellor College, amene analemba za mkanganowu mu 1998, anapeza kuti pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi, pomwe opezeka ndi kachilombo anali pafupifupi 200.

Taonani manambalawo. Anthu 200 anakhala chifukwa chochotsera anthu 13,000. Chirwa anafika ponena kuti nkhani ya HIV inali chophimba chabe. Migodi inali pa mavuto a zachuma ndipo inkafuna kuchepetsa antchito, makamaka alendo, n'kumalemba eni dziko. Kuuza munthu kuti ntchito yatha kumafuna zokambirana ndi malipiro. Kumuuza kuti ndi woopsa pa umoyo wa anthu kumatseka pakamwa aliyense. Ndipo kuchotsa Amalawi sikunaimitse edzi ku South Africa, dziko lomwe lero lili ndi anthu ambiri okhala ndi HIV kuposa lina lililonse. Azigogo a Teba aja akhala zaka zambiri akuyendera ndalama zawo za kumigodi, ena mpaka kumwalira asanazione.

Chaka cha 2020

Covid-19 itabwera, anthu otsekeredwa kunja anali paliponse. Mzinda wa Wuhan ku China unatsekedwa kuyambira pa 23 Januwale mpaka pa 8 Epulo, masiku 76, ndipo m'menemo munali ophunzira ambiri ochokera ku Africa, anyamata ndi atsikana a msinkhu wathu. South Africa inatumiza ndege kukatenga anthu ake mu Malichi, koma mayiko ambiri a kuno anauza ophunzira awo kuti apirire komweko. Mu Epulo, ku Guangzhou, anthu akuda ankatulutsidwa m'mahotela ndi m'nyumba za lendi mpaka ena kugona m'misewu, ndipo akazembe a mayiko a ku Africa ku Beijing analemba kalata yodandaula. Panyanja napo, bungwe la United Nations loona za maulendo a pamadzi linati pofika Sepitembala ogwira ntchito m'sitima pafupifupi 400,000 anali atatsekeredwa m'sitima zawo, makontrakiti atatha koma palibe doko lowalola kutsika.

Ku South Africa m'bindikiro unayamba usiku wa pa 26 Malichi. Munthu woyamba kupezeka ndi matendawa m'dzikomo, pa 5 Malichi, anali atachokera ku Italy. Kachilomboka kanalowa pa ndege, ndi anthu okhala ndi mapasipoti ndi ndalama. Komabe chimodzi mwa zinthu zoyamba zomwe boma linachita chinali kumanga mpanda wa waya wa makilomita 40 pa Beitbridge, kumalire ndi Zimbabwe, pa mtengo wa pafupifupi R40 miliyoni, nthawi imene South Africa inali ndi odwala ambiri kuposa Zimbabwe. Mpandawo unadulidwadulidwa pasanathe nthawi.

Kwa Mmalawi wogwira ntchito ya m'nyumba, ya m'dimba, ya ulonda kapena ya m'malo odyera, m'bindikiro unatanthauza kuti malipiro aima tsiku lomwelo. Mu Epulo, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analengeza thandizo la R350 pamwezi kwa anthu osowa ntchito, koma linali la nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika, ndi othawa kwawo ovomerezeka. Zinatengera bungwe la Scalabrini Centre la ku Cape Town kupita kukhoti kuti mu Juni thandizolo lifikirenso ofunsira malo othawirako ndi okhala ndi zilolezo zapadera. Amalawi ambiri sali m'magulu onsewa. Analowa ngati odzacheza n'kukhalitsa, ndipo kupita kukalembetsa dzina ku ofesi ya boma kunali kudzipereka okha. Wopanda ntchito, wopanda thandizo, mwini nyumba akufuna lendi, munthu amayamba kuganiza za kumudzi. Paja kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Choncho chakumapeto kwa Meyi mabasi anayamba kufika. Ulendo wake mumaudziwa: Beitbridge, kudutsa Zimbabwe mpaka Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Ndi masiku angapo anthu atathithikana m'basi imodzi, ana ndi akulu omwe, moti ngakhale atakwera mmodzi yekha wodwala, pofika anali atapatsira ena. Atafika anatengeredwa pa Kamuzu Stadium kuti adikire zotsatira. Malipoti a atolankhani a nthawi imeneyo anati anthuwo ankadandaula za kusowa kwa chakudya, madzi ndi zimbudzi zokwanira. Oposa 400 anatuluka, ena polumpha mpanda, ena pa geti penipeni, ndipo ena mwa iwo anali atapezeka kale ndi kachilombo.

Sindikunena kuti othawawo anachita bwino. Anaika pa chiswe makolo awo omwe ndi anansi awo, ndipo chiwerengero cha odwala chinakweradi mu Juni, ambiri mwa iwo ali ochokera kunja. Mantha athu anali ndi pogwira. Koma tikumbuke zomwe ife eni tinachita mwezi umodzi m'mbuyo mwake. Boma la Peter Mutharika litalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo, mavenda anachita zionetsero m'mizinda, ndipo pa 17 Epulo khoti lalikulu, kudzera mwa Jaji Kenyatta Nyirenda, linauimitsa bungwe la HRDC litadandaula kuti boma silinakonze momwe osauka adzadyere. Ambiri tinaombera m'manja. Tinati munthu sungamutsekere wopanda chakudya. Patangotha milungu isanu ndi umodzi, tinkafuna kuti abale athu otopa ndi ulendo wa masiku angapo akhale phee pa bwalo la mpira wopanda chakudya chomwecho. Misonkhano ya kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni inkadzazanso anthu masauzande, koma pokamba za ofalitsa matenda tinkaloza a ku Joni. Ndipo odwala oyamba kuno, amene analengezedwa pa 2 Epulo ku Lilongwe, matenda awo sanabwere pa basi. Mmodzi mwa iwo anali atangofika kuchokera ku India.

Rosebank ndi Kamuzu Stadium zatalikirana zaka 102, koma cholakwika n'chimodzi. Boma linkadziwa kuti anthu akubwera, linkadziwa kuti ena ali ndi matenda, koma silinakonze malo oti munthu angapirirepo milungu iwiri.

Tsiku lomwe tonse tinasanduka alendo

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu Novembala 2021, akatswiri a sayansi a ku Botswana ndi South Africa anazindikira mtundu watsopano wa kachilomboka n'kudziwitsa dziko lonse mwamsanga. Pa 26 Novembala bungwe la WHO linautcha Omicron. M'masiku ochepa, Britain, America ndi mayiko ena anatsekera khomo anthu ochokera kumwera kwa Africa, ndipo Malawi anali pa mndandandawo. Pa bwalo la ndege la Schiphol ku Amsterdam, anthu pafupifupi 600 amene anafika pa ndege ziwiri kuchokera ku South Africa anasungidwa kwa maola ambiri akudikira kuyezedwa. Pasanathe sabata, akuluakulu a zaumoyo ku Netherlands anapeza kuti Omicron inali kale m'dzikomo ndegezo zisanatere. Pulezidenti Lazarus Chakwera, yemwe panthawiyo anali wapampando wa SADC, anadzudzula ziletsozo ponena kuti zachokera pa kuopa ndi kusala anthu a ku Africa, osati pa sayansi. Britain inachotsa chiletso chake pa 15 Disembala, itaona kuti Omicron yafalikira kale pakati pa anthu ake.

Ndinakwiya nazo ziletsozo, ndipo anzanga ambiri pa Facebook anakwiyanso. Koma zomwe London inatichitira ndi zomwe ine ndinalemba pa WhatsApp paja za anthu a ku Joni. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano okanidwa tinali tonse.

Zomwe tingachite mliri wina usanafike

Mliri wina udzabwera, ndipo udzapeza Amalawi ambiri ali kunja, chifukwa chomwe chimawachotsa kuno sichinathe. Pakati pathu ophunzirafe, ndi angati amene akuganiza zokwera basi ya ku Joni, kupita ku Israel kukalima, kapena kufunsira sukulu ku China akalandira digiri? Nkhani ya otsekeredwa kunja ndi yathu.

Malamulo alipo kale. Malamulo a zaumoyo a dziko lonse a mu 2005, omwe Malawi ndi South Africa onse anavomereza, amanena pa gawo 32 kuti wapaulendo wobindikiritsidwa apatsidwe ulemu, chakudya ndi madzi okwanira, pogona poyenera, thandizo la chipatala ndi njira yolumikizirana ndi abale ake. Zomwe zinasowa mu 2020 ndi kukonzekera. Lamulo lathu la zaumoyo lomwe boma linadalira chaka chimenecho ndi la mu 1948, la nthawi ya atsamunda, pamene nzeru ya boma inali yotsekera anthu kuposa kuwasamalira.

Ine ndikanakonda zinthu zitatu. Choyamba, pafupi ndi zipata za Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe pakhale malo odziwikiratu, okhala ndi madzi ndi zimbudzi, oti akhoza kulandira anthu mazana angapo tsiku lililonse lomwe pangafunike. Chachiwiri, maofesi a kazembe wathu ku Pretoria ndi Johannesburg akhale ndi njira yoti Mmalawi aliyense alembetse dzina ndi nambala ya foni popanda kuopa kuti mapepala ake ndi osalongosoka, chifukwa boma silingathandize anthu amene silikudziwa kuchuluka kwawo. Chachitatu, pakhale thumba la ndalama la nthawi ya mavuto. Machona amatumiza ndalama zomwe zimalipira fizi, kugula feteleza ndi kufolera nyumba ndi malata m'midzi yathu. Dziko lomwe limadya ndalama zimenezi pa mtendere liyenera kukhala ndi kena koti libweze pa tsoka. Ndipo zonsezi zimatetezanso ife otsala kumudzi, chifukwa munthu wokhuta, wogona pabwino, wodziwa tsiku lomwe adzatuluke, sathamangira kulumpha mpanda.

South Africa inatsegulanso zipata zake pa 1 Okutobala 2020, ndipo amalume anafika mwezi wotsatira. Asanalowe m'nyumba anapempha amayi kuti awaperekeze kumanda. Amayi anati, "Achimwene, yambani mwamwa madzi," koma iwo anakana. Madzulo ake ndinawauza za uthenga wanga wa pa WhatsApp uja. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Iwe, ndikanakhala kuno mwina nanenso ndikanalemba zomwezo. Kungoti kumeneko nakonso amatiuza kuti tizipita kwathu. Ndiye munthu upite kuti?"

Ndinalibe yankho, ndipo iwo sanadikire kuti ndiyankhe. Anakhala miyezi itatu akufunafuna chochita, osachipeza. Kumayambiriro kwa 2021 anabwereranso ku Joni, ndipo gawo lina la fizi yanga ya teremu ino lachokera komweko.